Okondedwa a m'Gemu ya Matailosi

Mainess atatulukira kuseri kwa nyumba ndi beseni la zochapa, Whyson anatembenuza foni msangamsanga n'kuiika pa mwendo chafufumimba. Anachedwa. Kaphokoso kaja kanali katamveka kale, ting', ngati supuni yagunda kapu.

"Bashi Chipo, ni ndani uyo?"

"Ndani kuti?"

"Wamene mwabisa pa mwendo."

"Ni gemu chabe, bamake Chipo. Ka matailosi."

"Gemu yamene iopa mukazi wa mu nyumba? Ikanimvela nabwela yagona chafufumimba?"

Whyson anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Mainess anayanika malaya awiri, n'kuwakutumula mwamphamvu kuposa mmene malaya amafunira, kenako analowa m'nyumba.

Awiriwa anali atakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, zonsezo ku Kanyama, mu Lusaka. Whyson anali mmisiri woika matailosi m'nyumba za anthu a ku Chalala, munthu wofatsa, wosamwa, wa kwaya ya abambo ku tchalitchi. Gemuyo anayamba nayo chaka chatha. Pa galasi la foni pamadzaza timatailosi ta maluwa, masamba ndi mbalame. Ukadina tiwiri tofanana timazimiririka, ting', ndipo umapitiriza mpaka pagalasi patayera. Palibe chokuthamangitsa, kanyimbo kake n'kofewa ngati ka m'chipinda chodikirira. Poyamba Mainess ankangoseka. Munthu wogwada pa matailosi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kufika kunyumba n'kukafunanso matailosi a m'foni! Iyeyo ankagulitsa tomato pa msika tsiku lonse, koma sanalakalakepo kuti madzulo aziyang'ananso tomato pa galasi.

Kuseka kunatha mvula itayamba. Whyson anasiya kusewerera pa mpando wake wa pabalaza, n'kumakakhala kuseri kwa nyumba, padzuwa, foni ataiyandikiza pamphuno kuti wina asaone. Njinga anaipachika, akuti matayala atha, pamene matayala anali abwinobwino. Kawiri konse anabwera ndi buluku lonyowa mpaka m'mawondo. Inde, Kanyama yense anali m'madzi mwezi umenewo, koma mumsewu wawo anthu anali ataikamo miyala yodumphira, ndipo ngakhale ana a sukulu ankafika ouma. Nanga iyeyo ankadzera njira iti? Chowawa koposa chinachitika pa siteji ya mabasi. Mainess anaima tsidya la msewu atasenza dengu, anakweza dzanja, Whyson anayang'ana komweko, n'kutembenuka ngati waona mtengo wa magetsi.

Ndiye Lachinayi lapitalo, atamuzembera kumbuyo opanda patapata, Mainess anaona ndi maso ake. Pa galasi panalibe maluwa kapena mbalame. Panali zilembo zikuluzikulu, ndipo chala cha Whyson chinali kulemba pang'onopang'ono: "Okondedwa, ndabweranso. Zikomo posunga chinsinsi changa."

Mainess anamva kuwawa kwenikweni. Zaka zisanu ndi zinayi za moyo wake anazithera pa bambo ake, amene anasiya kuona n'kudzakhala nawo m'nyumba yomweyi. Kuwasambitsa, kuwachotsera minga m'nsomba, kuwatsogolera ku chimbudzi atagwira chigongono chake. Anawaika m'manda zaka zitatu zapitazo. Tsopano pamene msana wayamba kuongoka, pamene mwana wawo Chipo wakwatiwa ku Kabwe ndipo nyumba yatsala ya awiri, mwamuna wa imvi akuyamba za okondedwa.

Loweruka la sabata yomweyo masana anaitengera nkhaniyo ku msika. Sanatchule dzina. Anangofunsa ngati wofunsira munthu wina, akupukuta tomato ndi nsalu.

"Imwe, ka gemu kaja ka matailosi, mukaziba?"

Lillian, wogulitsa kapenta pa tebulo loyandikana nalo, anawala nkhope. "Ine ndiye bene bake! Nili pa levo handiredi na fote. Kanapangiwa na banyamata ba muno mu Lusaka. Ba Mainess, kaja ni mankhwala. Kasitomala akanikalipitsa, nikhala pansi, ting', ting', mutima wabwelela pamalo. Sikathamangitsa muntu monga magemu ena."

"Mankhwala ya kuti?" anatero Chipego wa mafuta ophikira, amene ankapemphera ku tchalitchi ya m'tenti ndipo ankaona ziwanda ngakhale m'sefa. "Mwaviyang'anisisa vimaluba vija? Vina vili na menso pakati. Na kanyimbo kaja kogonetsa. Muntu ukhala zii, pakamwa yasa, maola yabili. Ni chani chamene chikudya pa nthawi ija? Ine mu foni yanga sikangene."

"Foni yanu sikwanisa na kukatsegula, ndiye chifukwa," anatero Lillian.

Chrispin wa makala, amene sankaitanidwa m'nkhani koma sankaphonya ndi imodzi yomwe, anaponya mawu ali pa thumba lake. "Ine nakayesa, nakachotsa. Kulibe kuwina, kulibe kuluza, kulibe ngakhale wokumenya. Gemu ya bwanji iyo? Mwamuna akakuuzani ati asewela kaja tsiku lonse, fufuzani bwino, amayi. Kumbuyo kwa matailosi kuli chinthu."

Mainess anafunsanso: "Manje muja mu gemu, muntu amalemba?"

"Kulemba chani?" anafunsa Lillian.

"Mau. Monga kalata."

"Awe. Ni kudina chabe. Kamabwela ka bokosi nthawi zina, ine nimakavala osakabelenga. Ngati muntu alemba, ba Mainess, ninshi alembela muntu munzake."

Atatero Lillian anamuyang'ana Mainess, n'kuzindikira kuti walasa pa chilonda. Anayamba kukonza kapenta amene anali wokonzeka kale. Chipego anapukusa mutu mwachisoni chokoma, cha munthu amene mawu ake atsimikizika. Mainess anaphimba tomato wake dzuwa likadali pamutu, n'kukwera basi ya ku Matero kukaona ankhoswe.

Anabwera Lamulungu, mapemphero atatha. A Fackson, amalume ake a Whyson, anali kalaliki wopuma pa ntchito, wa jekete ndi magalasi a chingwe. A Ida, azakhali ake a Mainess, anali mayi wamfupi wa mawu ochepa koma olemera. Awiriwa ndiwo anamanga ukwatiwu, ndipo pa zaka zonsezi anali asanaitanidwepo pa mlandu. Anakhala pa mipando, eni nyumba anakhala pansi motalikirana, monga mwa mwambo. Pa bwalo lotere mwamuna ndi mkazi salankhulana mwachindunji. Aliyense amauza nkhoswe, ndipo chinthu chimene chabweretsa mkangano chimaikidwa pakati kuti onse achione.

Mainess anafotokoza zonse: kuseri kwa nyumba, njinga, buluku lonyowa, siteji ya mabasi, ndi mawu aja.

"Ine sinifuna ndeu, ba tata," anamaliza. "Nifuna chabe nimuzibe. Ngati nili na munzanga, banilangize, nizibe pamene naimilila."

A Ida anatenga mbale yoyera pa kabati n'kuiika pa tebulo. "Foni ibwere apa."

Whyson anaigwira m'thumba. "Amalume, kulibe mukazi. Nalumbila pamaso pa Mulungu."

"Ngati kulibe, mbale iyi sikuluma," anatero a Fackson.

"Ni vinthu vanga na bene ba gemu. Si vobelengela banthu."

"Mwamvela?" Mainess anauza azakhali ake. "Manje bakhala bene ba gemu. Mailo bazakhala bene ba nyumba."

Kenako Whyson anatulutsa foni, n'kufuna kuiika m'mbale, koma anaiika pambali pake, pa tebulo. Anapapasa, n'kuikweza, n'kuilowetsa. Mainess anaona zimenezo ndipo anati mumtima, taonani mmene mantha akumunjenjemeretsera.

A Fackson anapukuta magalasi. Anauza Whyson kuti atsegule pamene amalembapo, ndipo iye anatsegula ataiyandikiza foni pamphuno. Mkuluyo anayang'ana kanthawi, nsidze zikukwera.

"Pamwamba apa palembedwa kuti, maganizo a osewera. Ndiwerenga kuyambira yoyamba, ya mwezi wa Novembala." Anakonza kukhosi, n'kuwerenga ndi mawu ake a m'tchalitchi. "Okondedwa eni ake a gemu iyi, landirani moni. Ine ndine Whyson Sakala wa ku Kanyama, mmisiri wa matailosi. Mwandifunsa maganizo anga, ndipo si ulemu kufunsidwa osayankha. Gemu yanu ndi yabwino. Imakhazika mtima pansi ndipo sinyoza munthu akachedwa. Pempho langa ndi limodzi. Kulitsaniko matailosi pang'ono. Obiriwira ndi abuluu akufanana kwambiri. Ine wanu, W. Sakala."

A Ida anayang'ana Mainess. Mainess sanagwedezeke. Munthu wochenjera amayamba ndi zoyera.

"Pitilizani, ba tata. Ya chinsinsi ili kutsogolo."

"Yachiwiri. Okondedwa, ndabweranso. Ndaona kuti matailosi simunakulitse, koma mwina vuto si lanu. Levo sikisite imene ndinkaimaliza ndisanamwe tiyi, lero yanditengera masana onse. Ndimasewerera padzuwa chifukwa m'nyumba maluwa onse amasanduka utsi. Diso lamanzere ndilo layamba. Ndimabwerera ku levo yomweyo tsiku lililonse kuti ndiyeze ngati utsi wakula."

Kunja mwana wina ankaguguza chitini m'madzi.

"Amalume, lekani," anatero Whyson chapansipansi.

"Mlandu ukayamba kuwerengedwa umatha, mphwanga. Yachitatu. Okondedwa, sabata ino ndinayala bafa lonse la bwana wina ndi mitundu iwiri yosiyana osadziwa. Anyamata anga anaphwanya n'kuyalanso, sananene kanthu, koma ndinamva akunong'ona. Njinga ndasiya. Miyala ya mumsewu mwathu ndaiphonya kawiri. Gemu yanu yokha ndiyo imandidikira mpaka ndione."

Siteji ya mabasi inabwerera m'maso mwa Mainess: iye atakweza dzanja, mwamuna wake akuyang'ana komweko. Anafuna kunena kuti basi zakwana, koma ndi iye amene anaitana ankhoswe.

A Fackson anafika pa ya Lachinayi. Anaiwerenga ndi maso kaye, n'kuzengereza.

"Werengani," anatero a Ida.

"Okondedwa, ndabweranso. Zikomo posunga chinsinsi changa. Mkazi wanga sindinamuuze. Anasamala bambo ake osaona zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanadandaule pamaso pawo ngakhale tsiku limodzi. Koma tsiku la maliro, titabwera kumanda, anakhala pa khonde n'kuvula nsapato, nati, Mulungu asandipatsenso wosaona m'nyumba muno, ndingathawe. Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Sindimuimba mlandu, anatopa. Ndikungofuna apumeko chaka china chimodzi asanadziwe."

Palibe anayang'ana mnzake. Mainess anawakumbukira mawuwo bwinobwino, ndi nsapato zomwe, zakuda, zothina. Anawanena kwa mphepo, mapazi akuwawa, ndipo pofika mawa lake anali atawaiwala. Sanadziwe kuti wina anawatola n'kuwasunga zaka zitatu.

A Fackson anali akadayang'ana pa galasi. "Koma Whyson, mayankho awa unawaona?"

"Mayankho ya chani? Sibanayankhepo. Ni banthu ba bize."

"Pansi pa kalata iliyonse pali tizilembo ting'onoting'ono. Anthu ayankha, ambirimbiri."

"Banthu bati? Nilembela bene ba gemu, mu ofesi mwao."

"Mphwanga," anatero mkuluyo, akuvula magalasi, "iwe umayesa ukuponya kalata m'bokosi la positi. Apa ndi poyera. Aliyense wosewera gemuyi akhoza kuwerenga. Walemba pa chipupa cha msika, ndi dzina lako ndi chithunzi chako cha kwaya."

Manja a Whyson, aja okhakhala ndi simenti, anagwira m'mutu.

"Tamverani," a Fackson anavalanso magalasi. "Wina dzina lake Shawn akuti, mudala uyu alembela ndani makalata, apa timapatsa chabe nyenyezi. Wina, Desmond wa ku Matero, akuti, ba Sakala, gemu ni gemu, siizakupoletsani menso, yendani ku chipatala. Mayi wina, Mwape, akuti amayi ake anali ndi utsi womwewo, inali ng'ala, anawachotsa ndipo tsopano akulowetsa okha ulusi m'singano. Uyu akuti gemu njotopetsa, amangoitsegula kuti aone ngati ba Sakala balembanso. Ndipo awa," anatsitsa ndi chala, "awa onse akunena chimodzi. Uzani mukazi wanu. Uzani mukazi wanu. Ba Sakala, muuzeni mai."

A Fackson atabweza foni m'mbale, Mainess anaiwala mwambo. Anatembenukira kwa mwamuna wake mwachindunji.

"Desmond wa ku Matero aziba. Shawn aziba. Lusaka yonse iziba menso ya mwamuna wanga, ine nili pa msika nifunsa Chrispin wa malasha!"

"Bamake Chipo..."

"Nakuchitani manyazi pamenso pa bakulu, nakuyesani wachiwelewele, imwe muli zii! Sembe munanisiya niyende kwathu na boza mu mutima?"

"Nenze kuona monga ni bwino muzinida pa chinthu chamene sininachite," anatero Whyson, "kusiyana na kuti munkhale na ine chifukwa cha chifundo."

Mainess analira pamenepo, kulira kwaukali, kopanda manyazi. Ankalirira manyazi ake, ankalirira mwamunayo, ndipo, kunena zoona, ankadzililiranso yekha. Zaka zija ankazidziwa kulemera kwake, ndipo mantha amene anamugwira sanali abodza. A Ida anamusiya alire. Atatontholako anamufunsa mosapita m'mbali.

"Mawu aja unanena?"

"Ninakamba."

"Nanga lero ukuti bwanji? Ife tabwera pa mlandu wa mkazi wina, ndipo mkazi wina palibe. Watsala ndi mlandu wako."

Mainess anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anatulutsa foni m'mbale, n'kuipereka kwa a Fackson.

"Ba tata, nibelengeleni futi ya mai uja wa singano. Anakamba ati ni chipatala chiti?"

Lolemba tomato wa Mainess anakhala wophimba. Mvula inali itagwa m'bandakucha, ndipo msewu wawo unali dziwe lofiirira, miyala yodumphira ikungoonekera nsonga. Whyson anatuluka atavala jekete la kwaya, khadi la chipatala lili m'thumba. Anayenda patsogolo mwachamuna mpaka pamene madzi anayambira, n'kuima. Anayang'ana dziwelo nthawi yaitali, akupendeketsa mutu kuti diso lamanja ligwire ntchito.

Azimayi awiri a nyumba yoyang'anana nayo anasiya kutsuka mbale n'kumaonerera.

Mainess anamudutsa n'kuima patsogolo pake, theka la phazi kumanzere. Sanaganize n'komwe. Chigongono chake chinadzitulukira chokha, pa msinkhu womwe uja, ngati zaka zitatu sizinadutse. Atachiona, kwa kanthawi anafuna kuchibweza. Sanachibweze.

"Banthu batamba, batiyang'ana," ananong'ona Whyson.

"Batambe. Lusaka yonse inabelenga kudala."

Dzanja lokhakhala lija linafika, linapapasa, n'kugwira. Linali lolemera kuposa la bambo ake.

"Mwendo wa kumanja poyamba," anatero Mainess. "Mwala uli pafupi, ni waukulu. Osathamanga, nizakuyembekezani."

Whyson anaponda, ndipo mwalawo unali pomwepo.